Ana a Mzuzu ku Joni: saluni ya ku Chibavi ikundidya

Mai a Tadala: Abale anga pepani ndakudzutsani, tulo takana. Saluni yanga ya ku Chibavi yatha chaka ndi miyezi 4. Ndinaikamo mwana wa achemwali anga ndi mtsikana wina woluka. Ndikaimba pa vidiyo ndimaona anthu ali ndandanda pabenchi, Loweruka ena mpaka amabwerera. Koma madzulo ano eni nyumba andiimbira, akuti lendi ya miyezi iwiri, K140,000, ikhale italowa pofika Lachisanu, apo ayi aika loko wawo pachitseko. Mwezi ndi mwezi ndine ndikutumiza ya meshi, ya mayunitsi, ya madzi. Nanga ndalama ya mitu yonseyo ikulowa kuti? Nditseke?

Joze: Asisi, mumatumiza bwanji? Ya Lachisanuyo ponyani pa Mukuru ilowe mu Airtel Money kapena Mpamba ya eni nyumbayo. Isadutse m'manja mwa mwana.

Wezi: Bwanji osapatsira transporter? Wanga akunyamuka mawa.

Joze: Mawa Lachitatu. Adutse Beitbridge, Nyamapanda, akaime pamzere ku Mwanza, kenako akwere mpaka Chikangawa. Akamafika loko ali kale pachitseko.

Wezi: Komabe amafika. Kungoti chaka chatha wina ndinamupatsira madiraya awiri, imodzi inafika chipewa chake chitang'aluka pakati, akuti anaikapo firiji ya munthu pamwamba. Mpaka lero amangoti tikambirana.

Madala Gondwe: Mwana wanga, ine ndinabwera kuno mu 2009, ambiri a inu musanatenge ndi pasipoti yomwe. Ndinatsegulapo kotsukira magalimoto ku Luwinga. Ndinagula makina opopera madzi, thanki, mapaipi, zonse ndi thukuta la m'garden za azungu ku Constantia. Ndinaikapo mphwanga. Tsiku lililonse nkhani inali yoti lero kwagwa mvula, magalimoto sanabwere. Ku Mzuzu mvula imagwadi, ndiye ndimakhulupirira. Nditapita pa Khirisimasi ndinapeza makina aja akutsuka magalimoto kwa munthu wina ku Katoto, ati anabwereketsa. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Bizinesi ya pa foni kulibe. Gulani poloti, muumbe njerwa, zikakudikirani.

Mai a Tadala: Madala ndamva, koma poloti sindidya pobwerera. Ntchito ya m'nyumba ino msana wayamba kale kukana. Saluniyi ndimati ndidzafikire pomwepo.

Lusungu: Asisi musatseke. Ine ndimaluka ku Bellville chaka cha 7 tsopano, ndipo yanga ya ku Mchengautuwa ikuyenda ndili konkuno. Ndifunse kaye: mutu umodzi wa timaluko ting'onoting'ono akutchaja zingati, ndipo mtengowo munaika liti?

Mai a Tadala: K8,000. Ndi womwe tinayambira.

Lusungu: Apo pali bowo loyamba. Mutu umenewo umadya maola 6, mwinanso tsiku lonse kasitomala akakhala wa tsitsi lambiri. Ndiye benchi yadzaza, inde, koma atsikana awiri akutulutsa mitu itatu patsiku basi. Anthu mukuwaona pa vidiyowo akudikira, sakulipira. Pomwe kutsuka ndi kuumitsa ndi mphindi 40, kuluka mizere ya ana asukulu ndi ola limodzi. Tengani cholembera muwerenge ntchito iliyonse imabweretsa zingati pa ola, mupeza kuti yomwe mumainyadira ndi imene ikukusaukitsani. Komanso meshi wakwera kangati chitsegulireni? Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu sizinaimenso, amene amapikula ku Taifa Market akudziwa. Mtengo wa katundu ukuthamanga, wanu wakhala pansi.

Chikondi: Moni nonse, ndine watsopano, wa ku Zolozolo. Ndafika dzulo pa Park Station. Pali amene akudziwa ntchito ya m'garden kapena yopenta? Chilichonse ndigwira.

Madala Gondwe: Iwe, ukalowa pabwalo akulu akukamba mlandu umayamba wakhala pansi. Wakulowetsa muno ndani?

Wezi: Musamukalipire madala, tonse tinafika choncho ndi kachikwama kamodzi. Koma Chikondi mvera: chidindo anakupatsa pa boda chija ndi cha masiku 30, si chilolezo cha ntchito. Masiku akatha n'kukupeza pamsewu, ukaona Lindela ku Krugersdorp, komwe amatsekera anthu oti abwezedwe kwawo. Pasipoti usapatse munthu aliyense wokuuza kuti akakudindira.

Joze: Ndipo usamayende foni ili m'manja ku Hillbrow ngati uli pa Vigwagwa.

Abiti Saidi: Ine ndinene zoona ngakhale ena museka. Ndalama ya pasaluni kusaoneka chonsecho anthu akubwera, chimenecho ndi chitaka. Wina amabwera ndi K5,000 yake yokonzakonza, mukaiphatikiza ndi zinzake m'kabati zonse zimamutsatira. Mayi anga ankaika khala ndi tsabola m'kachitini ka ndalama ndipo sizinkasowa.

Bambo Mhango: Abiti, m'gulu lino tisamalimbikitsane zimenezo. Apemphere, alembe m'kope. Chitaka chambiri chili ndi miyendo iwiri ndipo chimadya nawo nsima pakhomo.

Lusungu: Ndipitirize, uthenga wanga ukukwiririka. Bowo lachiwiri ndi ndalama ya m'manja. Ine ndinagula simu yapadera ya saluni, kasitomala amalipira pa foni, uthenga umafika, ine ndimaona. Mutu uliwonse ukatha mtsikana amaujambula chakumbuyo n'kutumiza pa WhatsApp, madzulo zithunzi zifanane ndi ndalama. Meshi ndimawerenga mapaketi: ndatumiza 40, mutu umadya atatu, ndiye ndikudziwa mitu yomwe ndikuyembekezera. Malipiro a pamwezi ndinasiya, aliyense amatenga gawo pa mutu womwe waluka. Kuyambira pamenepo palibe amene amatseka 4 koloko kuti kwazizira.

Joze: Za magawozo ndiye ayi. Mtsikana akazolowera makasitomala amayamba kuwauza kuti mubwere kunyumba Lamulungu ndidzakuchotserani. Mkazi wanga zinamuchitikira ku Chiputula, anatsala ndi magalasi ndi mipando.

Lusungu: Achimwene, munalukapo mutu inu? Woluka amathawa akaona kuti manja ake akulemeretsa wina iye akugona ndi njala. Wanga ali nane chaka chachitatu.

Joze: Sindinaluke koma ndalama inali yanga.

Wezi: Mwamva koma? Akuti kwacha igwanso mwezi wamawa, mlamu wa mnzanga amagwira ku banki ndiye wanena. Musatumize kanthu panopa, sungani ma rand.

Bambo Mhango: Mlamu ameneyu wakhala akugwetsa kwacha mwezi uliwonse chiyambire gulu lino. Munthu ali ndi lendi ya Lachisanu, mukumuuza asunge?

Madala Gondwe: Eee, kunja kuno kukuwaza kamvula ngati ka kwathu ka mu June, kaja kamangonyowetsa osamveka padenga. Nkhungu itakuta Kaning'ina, iwe uli ndi chikho cha tiyi ndi chinangwa chophika. Pano ndikanapeza kondowole ndi batala wa ku Nkhata Bay, kaya mbalagha ya ku Karonga, bwenzi nditagona ngati mwana. Mdzukulu wanga wayamba sukulu, sindinamunyamulepo.

Abiti Saidi: Musatiliritse madala, mawa tikudzuka 4 koloko.

Lusungu: Asisi Mai a Tadala, china ndi ichi. A ukwati ndi a chinkhoswe azilipira theka pobukitsa tsiku, chifukwa amakutsekerani Loweruka lonse kenako n'kupita kwina. Ntchito za diraya azipanga magetsi akangoyaka, zoluka azisungira nthawi yomwe azima. Ndipo ngati mumadalira ana a ku Mzuni, dziwani kuti akatsekera kumakhala zii, ndiye miyezi yabwino muzipatula ya lendi pambali, kaya ku banki m'khonde. Katapila yekha musayerekeze, ngakhale Lachisanu lifike.

Chikondi: Pepani akuluakulu, ndiye za ntchito ija?

Joze: Ubwere Loweruka m'mawa ku Randburg, pali khoma lofuna kupenta. Ubweretse nsapato zotseka.

Mai a Tadala: Ndabwerera. Ndamuimbira mwana uja, ndamufunsa modekha mpaka walira. Wanditumizira zithunzi za kope. Abale, masamba atatu onse ndi ngongole, K212,000, ena ndi a chaka chatha. Mayina ndikuwadziwa onse: azimayi a kwaya yathu, alamu anga awiri, aphunzitsi oti adzalipira pakutha pa mwezi. Pamwamba apo achemwali anga amatuma mwana kudzatenga ya ndiwo tsiku ndi tsiku, akuti ndi za mng'ono wanga, ali ku Joni. Mwanayo sanabe ngakhale tambala, amangoopa kukaniza akulu.

Bambo Mhango: Chitaka chija ndi chimenecho.

Abiti Saidi: Komabe khala aikemo, silivulaza munthu.

Lusungu: Lembani pepala likhomedwe pagalasi kuti ngongole ayi, mwalamula ndinu, kuti mwana asamakane ndi pakamwa pake. A kwayawo aimbireni nokha mmodzimmodzi usiku uno ndi mawa, magawo awiri mwa atatu a ngongole yonseyo akabwera lendi yakwana.

Mai a Tadala: A kwaya ndiwaimbira, amenewo sindiwaopa. Koma achemwali angawa ndi amene akundisungira Tadala chichokereni ine, amamusambitsa, amamuperekeza ku sukulu. Ndiyambe bwanji kuwauza kuti asamatengenso ya ndiwo pasaluni? Alipo anadutsamo m'zoterezi?

Wezi: Amene muli ndi katundu wopita ku Mzuzu mundipeze isanakwane 10 koloko mawa, galimoto ikunyamukira ku Mayfair. Mabulangete ndi ndowa zili bwino, mafiriji malo atha.