Zotsatira za funso langa lija la chiller ya nyumba ya alendo ku Mangochi

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa lokhudza chiller (makina oziziritsa madzi amene amakaziziritsa zipinda) yoziziritsidwa ndi mpweya imene tinkafuna kuika pa nyumba yathu ya alendo ku Mangochi, pamene ndinkakayika pakati pa makina a mphamvu yoziziritsa ya 100 kW ndi a 140 kW.

Ndinatsatira malangizo a bambo amene anandikumbutsa kuti mphamvu yolembedwa m'kabuku ka opanga makina nthawi zambiri imayezedwa kunja kukutentha 35°C, madzi akulowa pa 12°C n'kutuluka pa 7°C, ndipo kutentha kukapitirira pamenepo, monga zimakhalira m'mbali mwa nyanja mu Okutobala ndi Novembala, mphamvuyo imatsika. Ndinapempha ogulitsa kuti awerengenso pa 40°C, ndipo zinaonekeratu kuti ya 100 kW sikanakwanira. Tinasankha ya 140 kW, ya makompresa a mtundu wa scroll ndi ma circuit awiri (mbali ziwiri zoziziritsa zogwira ntchito paokhapaokha), kuti mbali imodzi ikawonongeka inayo izigwirabe ntchito.

Makinawo adutsa nyengo yotentha osazima okha ngakhale dzuwa lili paliwombo. Pambuyo pake tinawonjezera thanki yosungira madzi ozizira, chifukwa usiku, zipinda zokhala ndi alendo zikakhala zochepa, kompresa inkayaka ndi kuzima pafupipafupi, zomwe zimaiwononga msanga.

Amene mukufuna kugula, siyani malo okwanira pakati pa makina ndi khoma kuti mpweya wotentha usabwererenso m'makoyilo (mapaipi otulutsira kutentha), ndipo muziwatsuka fumbi likachuluka. Muikenso chipangizo chozimitsa makina phase imodzi ikasowa (magetsi akasowa pa imodzi mwa nthambo zobweretsa magetsi), popeza kompresa ikapsa, kugula ina kumadula kwambiri kuposa chipangizocho.