BMW E46 kapena Mazda MX-5?

Liwiro330: Abale, ndalama zanga ndi zochepa, koma ndikufuna galimoto yakale yopitira kuntchito komanso yothamangitsa pabwalo la mpikisano kamodzi pamwezi. Mtima wanga uli pa BMW E46 330i.

Makanika: Achimwene, injini yake ya masilinda 6 imakoka bwino, koma musanagule gwadani muone pansi kumbuyo. Pomangirira subframe (chitsulo chogwira miyendo yakumbuyo) pamakonda kung'ambika, ndipo kuwotcherera pamenepo kumadya ndalama.

Chiwongolero: Ine ndingatenge Mazda MX-5 NB, ya m'badwo wachiwiri. Imangopitirira pang'ono makilogalamu 1,000, choncho matayala ndi mabuleki sizitha msanga. Gogodani m'munsi mwa zitseko, dzimbiri limabisala m'menemo. Musungeko ndalama za mapadi ndi mafuta atsopano a mabuleki, a mtundu wa DOT 4.

Liwiro330: Zikomo akuluakulu. Koma ndine wamtali. Nditavala helimeti, mutu sugunda denga la MX-5?