R1,850 ya m'thumba ladzidzidzi yapita kuti?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndi nkhani ya usiku, koma a Pampando ati ndiiponye pano pa WhatsApp tisanakumane Lamulungu. Tawerengera thumba ladzidzidzi la gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama kuno ku Joni. Tilipo anthu 18, aliyense R50 pamwezi, Januwale mpaka Ogasiti, ndiye kuti payenera kukhala R7,200. Tapeza R5,350. Yaperewera R1,850. Masheya ndi ngongole zili bwinobwino, vuto ndi thumba lokhali.

Ankolo a ku Mayfair: Ndalama ilibe miyendo. Tinagwirizana kuti thumbali lizikhala kwa msungichuma kuti vuto likagwa usiku tisamafunefune makiyi atatu a bokosi. Ndiye atiuze iwowo.

Msungichuma: Sinabedwe ankolo. Ndinaitulutsa ndine, ndinapatsa NaPhiri mu Juni ndi mu Julaye, pa zovuta za mnyamata uja wa ku Machinga anamwalira ku Zandspruit. Ndinalemba kumapeto kwa buku.

Mlembi: Zoona, ndaziona tsopano. Zalembedwa ndi pensulo kuchikuto. R500, R400, R350, R600.

Ankolo a ku Mayfair: Mnyamatayo anali wa gulu lathu?

Msungichuma: Ayi.

Ankolo a ku Mayfair: Anali mwana, mkazi, mwamuna kapena kholo la membala?

Msungichuma: Ayi ankolo, inunso mukudziwa.

Ankolo a ku Mayfair: Ndikufunsa dala. Lamulo tinalemba tokha likuti thumba ndi la membala ndi a pabanja pake, ndipo asayine anthu awiri isanatuluke ndalama. Apa palibe membala, palibe siginecha. Ine ndimasoka mathalauza mpaka maso kuwawa kuti ndipeze R50 imeneyo. Sindikukana kuthandiza maliro, chipepeso ndinapereka R200 yanga mundandanda muli dzina langa. Koma chipepeso ndi china, thumba ndi china.

Make Junior: Inenso ndili pomwepo. Bwanji osadula pa chipepeso chomwecho?

Alamu a ku Diepsloot: Chipepeso sichinakwane nkomwe, mayi. Ndinali nawo powerenga. Yonse inapita kwa oyendetsa maliro, abale ake kumudzi anachita kugulitsa mbuzi kuti aonjezere.

Achimwene a ku Cosmo: Mwini nkhani ali kuti? NaPhiri tikukuonani muli pa intaneti.

NaPhiri: Ndilipo. Ndimafuna mumalize kaye.

Ndalamayo ndinalandira, sindikukana. Taxi R760. Mayunitsi ndi data R190, chifukwa amayi ake kumudzi alibe WhatsApp, ndimachita kuimbira foni ya a mfumu. Zithunzi ndi kukopa mapepala R100. Chakudya changa ndi cha mnyamata ankagona naye m'chisakasa chimodzi, amene ndimayenda naye ngati mboni, R200. Zonsezi R1,250. R600 yotsalayo ndi ya masiku awiri amene sindinapite kuganyu kwa madamu.

Make Junior: Ehee. Pamenepo ndiye pali nkhani.

NaPhiri: Dikirani asisi, ndinene zonse.

Mwanayo anamwalira alibe pasipoti, alibe chitupa, dzina limene ankadziwika nalo kuno silinali lake lenileni. Thupi linali kumochale ya boma. Inu mukudziwa kuti thupi likakhalitsa kumeneko popanda mwini, boma limakaika lokha m'manda a anthu osadziwika, amake sadzaona ndi pomwe anagona. Ndiye ndinayamba kupolisi kukalumbira kuti ndikumudziwa. Kumochale kukazindikira thupi. Ku Home Affairs nkhani ya chikalata cha imfa. Ku Woodmead ku ofesi ya kazembe wathu kuti atsimikize kuti ndi Mmalawi. Kenako chikalata chokonza thupi ndi chilolezo cha azaumoyo choti lituluke m'dziko, zimenezo anayendetsa a kampani ya maliro koma amafuna munthu woti azisayina. Popanda zimenezi galimoto siidutsa pa Beitbridge, nanji pa Nyamapanda, pa Zobue ndi pa Mwanza. Ulendo uliwonse ndi taxi ziwiri kupita, ziwiri kubwera, ndipo palibe ofesi imene unapitako kamodzi n'kumaliza. Ndinayenda masiku 7. Asanu ndinasinthanitsa ndi masiku anga opuma. Awiriwo anagwera pa Lachinayi, tsiku la madamu a ku Randburg.

Ndipo nambala yanga mnyamata wa chisakasa uja anaipeza kuti? Anampatsa ndi munthu wa m'gulu lino. Sinditchula.

Achimwene a ku Cosmo: Ndine. Ndavomera. Aliyense akamva maliro kapena munthu wagwidwa amati imbirani NaPhiri, inenso ndinatero.

Ankolo a ku Mayfair: Ntchito munagwira, palibe akutsutsa. Koma malisiti alipo?

Achimwene a ku Cosmo: Ankolo, taxi ya pa renki ya Bree inayamba liti kupereka lisiti? Mukafunse dalaivala, mudzatiuze ngati mwabwerako ndi mano onse.

Alamu a ku Diepsloot: Tiyeni tikumbukire za namondwe wa Freddy. Malichi 2023 tinasonkha kuno kutumiza kwa abale a ku Chilobwe ndi ku Phalombe. Ya Mukuru yotumizira tinadula pa zosonkha zomwezo, palibe anadandaula. Thandizo limafuna chonyamulira. Pano chonyamulira chake ndi miyendo ya NaPhiri, ndiye tikuti miyendoyo idzilipirire yokha?

Make Junior: Alamu, ya taxi ine sindikukana. Ikhale. Koma R600 ija. Ine maliro aliwonse ndimaphika, nkhuni ndi mapoto ndimanyamula ndekha, chaka chatha ndinajomba Loweruka atatu kusaluni. Ndinapempha ndalama ya tsiku? Kudzipereka ndi kudzipereka. Tikangoyamba kulipira masiku, mawa aliyense abwera ndi pepala lake, wina ati ndinagona kusiwa, wina ati ndinaimbitsa nyimbo. Thumba litha Epulo asanafike.

Ankolo a ku Mayfair: Mwanena zoona mayi. Ife tinakula ndi Youth Week nthawi ya a Kamuzu, sabata yonse kulambula msewu, kukonza milatho, kuumba njerwa za sukulu. Palibe ankafunsa kuti ndilandira zingati. Lero kumudzi alezi a sukulu za mmera mpoyamba akusamala ana a anthu zaka ndi zaka ambiri mwa iwo opanda malipiro. Adzukulu akukumba manda, alipidwa ndi ndani?

Alamu a ku Diepsloot: Adzukulu salipidwa, koma nsima yoyamba kuchoka pamoto imapita kumanda. Mudzi umene umawamana nsima adzukulu umadziwa chimene chimachitika tsiku la maliro ena. Komanso mdzukulu akachoka kumanda amabwerera m'nyumba yake yosalipira lendi, chimanga chili m'nkhokwe. Kuno ku Joni pa 1 mwininyumba safuna kumva kuti unali kumochale.

Achimwene a ku Cosmo: Ndipo Youth Week yo ukajomba a Youth League amakupeza ankolo, tisanamizane kuti onse ankapita ndi mtima woyera.

Ankolo a ku Mayfair: Iwe unali usanabadwe, khala chete.

Apampando: Ana anga, ndawerenga zonse. Tiyeni tigawe nkhaniyi pawiri. Kuthandiza mwana uja sikunali kulakwa. Cholakwika ndi njira. Msungichuma anayenera kupeza siginecha ziwiri, ndipo akanatiuza pa msonkhano wa Julaye, osadikira kuti mlembi achite kutulukira. Lamulo likuti chindapusa R100.

Msungichuma: Amayi, ndi ulemu wonse. Tsiku loyamba ndinakuimbirani usiku kawiri simunayankhe. Ndinalemba uthenga. Munayankha m'mawa kuti "chitani zomwe mungathe, Mulungu atsogole." Ndikadali nawo. Nditumize pano?

Apampando: Musatumize, ndakumbuka. Ndinalemba ndine. Ine ndimaganiza kuti mukunena R200 kapena R300 ya tsiku limenelo basi.

Achimwene a ku Cosmo: Khoswe wa padenga waulula wa padzala.

Apampando: Chabwino. Chindapusacho tigawana, R50 ine, R50 msungichuma. Koma kubisa pa msonkhano wa Julaye ndi wa Ogasiti, kumeneko ine kulibe.

Msungichuma: Ndinaopa. Ndimati ndibweza mwakachetechete ndikalandira ya Seputembala, nkhani isatuluke. R600 ija sanapemphe NaPhiri, ndinamupatsa ndine nditamva zimene zinachitika.

Make Junior: Zinachitika zotani?

NaPhiri: Sindimafuna kuzinena. Lachinayi lachiwiri lija madamu anandilembera kuti apeza wina wodalirika. Ndinagwira nyumba imeneyo zaka zinayi. Ndiye si masiku awiri amene ndinataya, ndi Lachinayi lililonse kuyambira Julaye. R600 yo ndinaonjezera lendi.

Ndipo aka si koyamba. Moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pa 31 Ogasiti 2023, anthu 76 anafa, Amalawi anzathu ali momwemo. Ndinakhala ku Diepkloof kumochale ndi azimayi amene samatha Chingerezi kapena Chizulu, ena Chiyao chokha, kuwamasulira mafunso oti mwana wanu anali ndi chipsera pati. Ndinayendera ndalama yanga. Achimwene awo a wina m'gulu lino atatsekeredwa ku Lindela, kosungira anthu oti abwezedwe kwawo, ku Krugersdorp ndinapita ndine kukasiya zovala ndi ndalama ya foni, maulendo atatu. Sindinalembe pabuku la munthu.

Ankolo a ku Mayfair: Anali mng'ono wanga. Sindinaiwale.

NaPhiri: Sindinanene kuti ndikunyozeni ankolo. Ndikungoti R600 ndibweza, mudule pa masheya anga tikamagawana mu Disembala. Koma nambala yanga musapatsenso munthu. Ndatopa. Ana anga ku Ntcheu akudikira fizi, sadya zikomo.

Alamu a ku Diepsloot: Ayi asisi, tisafike pamenepo. Ine maganizo anga ndi awa. R1,250 gulu livomereze kuti inagwira ntchito. R600 isachoke m'thumba, pamenepo Make Junior akunena zoona, koma isachokenso pa masheya a NaPhiri. Tatsala anthu 17, aliyense R35 ya m'thumba mwake, ikukwana R595.

Achimwene a ku Cosmo: R5 yotsalayo ndi yanga, ndine ndinapereka nambala.

Make Junior: Za ntchito yothayo sindimadziwa, pepani asisi, zandikhudza. Ndikufunsirani kwa makasitomala anga, alipo amene amafuna munthu wochapa. Koma R35 yokakamiza ine ayi. Wofuna apereke. Ndipo R1,250 yo tikaivomereza, tilembe kuti ndi kamodzi kokha. Ku Joni kuno Amalawi amamwalira sabata ndi sabata, ife 18 sitingawanyamule onse. Mayi anga akudwala ku Balaka, likagwa langa ndikufuna ndidzapeze thumba lili ndi kanthu.

Msungichuma: Mwina tiyambe kathumba kena ka R10 pamwezi, ka taxi basi, ka munthu aliyense amene watumidwa ndi gulu.

Ankolo a ku Mayfair: Kusintha malamulo pakati pa chaka ayi. Zimenezo zidikire tikagawana. Ine pa R1,250 ndivota kuti ayi, lamulo ndi lamulo, ndikagonja ndagonja. Pa R600 ndipereka R100, koma si ya gulu, mlembi usalembe.

Mlembi: Sindilemba ankolo, koma anthu 17 awerenga kale.

Apampando: Lamulungu 2 koloko kwa msungichuma. Tidzavota zitatu: R1,250, kathumba ka taxi, ndi kuti ntchito zoyendayenda zizikhala za kasinthasintha, osati munthu mmodzi. Wochedwa R20 monga mwa nthawi zonse. NaPhiri mwana wanga, za nambala zija ugone nazo kaye.

NaPhiri: Ndamva amayi. Koma ndanena.

Alamu a ku Diepsloot: Pepani ndabweranso, ndangolandira foni. Kuli mtsikana wa kwathu ku Honeydew, wafika mwezi watha, ndi woyembekezera. Kukiliniki amulembera kalata yoti akaonedwe kuchipatala chachikulu Lachiwiri m'mawa. Chingerezi satha, mwamuna wake sangajombe, angomulemba kumene. Akufunika womuperekeza. Ine Lachiwiri ndili pa shifiti.

Mlembi: Anthu 14 awerenga.

Mlembi: Anthu 16.

Achimwene a ku Cosmo: Ine bwana wanga Lachiwiri ndiye tsiku lotchetcha kapinga, mukudziwa.

Make Junior: Ndikanapita koma ndili ndi woluka tsitsi 8 koloko.

Apampando: Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kasinthasintha uja ayambe ndani?

Ankolo a ku Mayfair: Lachiwiri m'mawa kushopu sikubwera anthu. Kuchokera ku Mayfair ndikwere ya kuti?

NaPhiri: Mutsikire pa Bree, mufunse za ku Honeydew. Munyamuke 5 isanakwane, mzere wa kuchipatala umayamba kukadali mdima. Muonetsetse kuti watenga khadi la sikelo, kalata ya kukiliniki ndi pasipoti, ndipo mumugulire buledi ndi madzi chifukwa mutuluka madzulo. Lisiti ya taxi musaiwale ankolo.