Droni ija yasiya kunjenjemera, zikomo abale

Ndabweranso pa nkhani ija ndinafunsa sabata yatha, ya droni yanga yomwe vidiyo yake imatuluka yogwedera ngati ukuyang'ana m'madzi, mizere ya nzimbe ku Nchalo kumaoneka yokhotakhota. Zikomo nonse munayankha, makamaka achimwene aja munati ndiyambe ndaona mota ndi mapulopela ndisanathamangire kugula gimbal ina, kachipangizo kaja kamagwira kamera kuti isamagwedere.

Ndinachotsa mapulopela onse 4 nkumayatsa mota imodziimodzi chala nditagunditsa pamkono pake. Zitatu zinali phee, koma yakumbuyo kumanzere ndiye ngati chigayo. Kuipukusa ndi dzanja kumamveka kherekhethe, kani munalowa mchenga, paja maginito amkatimo amakoka tizitsulo tam'fumbi, ndiye ine ndimangoulutsira padothi penipeni. Ndinaipopera mphepo nkuitsuka ndi kamswachi kakale kouma.

Pulopela imodzi inalinso yobenthuka kunsonga, pang'ono zedi moti ndinachita kuimva ndi chikhadabo. Ena munati ndimate selotepi mbali yopepukayo kuti mbali zonse zilemere mofanana, ndinayesa ndithu koma ndi kutentha kwa kunoku inamatuka tsiku lomwelo, ndinangoikapo yatsopano basi.

Chomwe palibe anatchula ndi timalabala tija timagwira kamera. Tiwiri tinali titauma nkung'aluka, vuto ndi langa lomwe, ndimaisiya droniyo mugalimoto masana, dzuwa la ku Chikwawa mukulidziwa nokha. Amene ili ikuvutani yambani mwatifinya ndi zala, tizikhala tofewa. Nditasintha, vidiyo ya dzulo pa Thabwa yatuluka bwinobwino, ndipo pano ndikumayenda ndi kachikatoni koulutsirapo.