Thandizeni abale, ESP32 ikumangoyambiranso ndikalumikiza sensa

Mwaswera bwanji akuluakulu a pagulu pano. Ine ndili ku Chawama, ndimaweta nkhuku za broiler kuseri kwa nyumba, ndiye June wathayu anapiye ambiri anandifera usiku umodzi chabe, mbaula inazima ine ndili mtulo ndipo m'mawa ndinawapeza ataunjikana pakona ozizira ngati miyala. Zinandiwawa. Ndinati basi ndipange kachipangizo koyeza kutentha m'khola kazindiuza pa foni, poti sabata yoyamba anapiye amafuna madigiri 32 mpaka 35 ndipo ine sindingamadzuke ola lililonse.

Ndinagula ESP32, kabodi ka kompyuta kokhala ndi WiFi, ndi sensa ya DHT22 yoyeza kutentha ndi chinyezi. Poyamba laputopu sinkaiona n'komwe bodiyo, masiku awiri ndikutukwana, kumeneko kebulo ndimagwiritsayo inali yongotchajira foni, ilibe mawaya a data. Nditasintha kebulo ndikuika driver ya CH340 ndi pomwe COM5 inatulukira mu Device Manager. Blink, code yoyesera yongothwanimitsa kagetsi, inalowa bwinobwino kudzera mu Arduino IDE, pulogalamu yolowetsera code mu bodi, ngakhale ndimachita kugwira batani la BOOT madontho a Connecting aja akayamba.

Manje vuto ndi ili. Sensa ndaipatsa magetsi kuchokera pa mapini a 3V3 ndi GND, waya wa data uli pa pini 12, ndi resistor ya 10k kuchoka pa data kupita ku 3V3 monga amanenera. Ndikangoyatsa, Serial Monitor, poonera pa laputopu zomwe bodi ikunena, pa 115200 ikungolemba invalid header: 0xffffffff mzere ndi mzere osaleka. Ndikazula sensa zonse zili bwino. Kodi ndaotcha chinachake? Anapiye ena akubwera Lachisanu.

— Tsitsani Upload Speed kuchoka pa 921600 muike 115200, makebulo ena sapirira liwiro limenelo.

— Akulu gulani chabe thermometer ya pakhoma muzidzuka usiku ngati enafe, nkhuku sizifuna WiFi 😂

— Simunaotche kanthu achimwene, ndipo za Upload Speed sizikukhudzana apa poti code inalowa kale. Wolakwa ndi pini 12. Pini imeneyo ESP32 imaiyang'ana nthawi yomwe ikuyaka kuti idziwe mphamvu yopatsa flash, kachipu kosunga code, ikaipeza ili pansi imapereka 3.3V, ikaipeza ili pamwamba imapereka 1.8V. Resistor yanu ya 10k ija ikuikokera pamwamba, ndiye flash ikulandira 1.8V, siingawerengeke, bodi ikuona zopanda kanthu n'kumangoyambiranso. Samutsani waya wa data upite pa 4 musinthenso nambala mu code. Musakhudze 6 mpaka 11, amenewo ndi a flash yomweyo, ndiponso 34 mpaka 39 amangolandira basi pomwe DHT22 imafuna kuti bodi iyambe yaitokosa isanayankhe. Ineyo chaka chatha ndinataya bodi yabwinobwino m'kabati chifukwa cha pini yomweyi.

— Ambuye akudalitseni bwana, ndasamutsa yayaka! Koma ikulemba 27.4 kamodzi kenako nan nan nan m'malo mwa nambala, ndikayatsa WiFi ikubweranso ina yoti Brownout detector was triggered.

— Za nan yang'anani mawaya pa breadboard, ma jumper otchipawa amagwedera. Komanso DHT22 siwerengedwa mothamanga, ikani masekondi awiri pakati. Brownout ndi njala ya magetsi, WiFi ikamayamba imakoka mphamvu yambiri mwadzidzidzi ndiye kebulo yaitali yopyapyala imagwetsa voteji. Pezani yaifupi yonenepa. Poti magetsi amathimathima mudzafuna power bank, koma muyese kaye masana, ena amadzizimitsa okha akaona kuti chomwe mwalumikizacho chikukoka pang'ono.

— Unalidi waya wa GND, unangokhala ngati walowa. Kebulo ndabwereka ya mlamu wanga, manje ikuwerenga osadukiza, ndaipumira mpweya chinyezi chakwera pompo. Funso lomaliza, m'kholamo ndiipachike pati?

— Pa msinkhu wa anapiyewo, osati pamwamba pa mbaula. Muitchinge ndi kawaya ka sefa, apo ayi aijompha tsiku loyamba lomwelo.