Zowonjezera pa funso la preamp ya besi yoimirira

Pa funso lija loti bwanji besi yoimirira ikulira mopyapyala ikalumikizidwa molunjika ku mixer: vuto si zingwe zake ayi, ndi impedance (kupinga kwa magetsi polowera mawu, komwe kumayezedwa mu ma ohm). Pickup ya piezo, kachipangizo kotola mawu pa besiyo, imafuna polowera pa 1 megaohm (1,000 kilo-ohm) kapena kuposa, pamene line ya mixer nthawi zambiri ndi 10 kilo-ohm basi, ndiye mawu okhuthala aja amathawa. Yankho ndi preamp, kabokosi kolandira mawu a pickup asanafike ku mixer. Preamp ikhale pafupi ndi besiyo, waya wochokera ku pickup usapitirire mamita 3, kenako waya wa XLR (wa mapini atatu) upite ku mixer.

Ikayamba kuwuwa pasiteji, musathamangire kuchepetsa volyumu. Dinani kaye batani la phase, lomwe limatembenuza mafunde a mawu. Zikakanika, kwezani high-pass, sefa yodula mawu otsika, pang'onopang'ono kuchokera pa 40 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mawu). Chingwe cha E, cha mawu otsika kwambiri pa besi ya zingwe zinayi, chimalira pa 41 Hz, choncho mukadutsa 80 Hz besi iwonda. Batire la 9V la mu preamp likamatha mawu amasasa, ikani latsopano musanakwere pasiteji.