Kodi mmbulu wa ku Yellowstone ukatuluka m'paki, mwini wake ndani?

Nangozo:
Ndakhala ndikuwerenga za mimbulu ya ku America, imene boma linakaitenga ku Canada mu 1995 ndi 1996 n'kudzaiika m'paki ya Yellowstone ndiponso m'chigawo cha Idaho, patapita zaka pafupifupi 70 chiitherere m'pakimo. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti mmbulu umatetezedwa ukakhala m'paki, koma ukangodutsa malire n'kulowa m'chigawo cha Montana, mlenje wokhala ndi chiphaso akhoza kuuwombera pa nyengo yosaka. Ngati nyama zakutchire n'za anthu onse monga amanenera, ndani ali ndi mphamvu yolamula kuti uphedwe?

Mphunzitsi wopuma:
Mayi Nangozo, funso lanu ndi lakale ndithu. Mu 1896, pa mlandu wa Geer ndi boma la Connecticut, bwalo lalikulu la dzikolo linanena kuti boma la chigawo chilichonse limangosungira anthu ake nyama zakutchire, ndiye kuti ngakhale mwini munda si mwini wa nyama yodutsa m'munda mwake. Komabe lamulo la 1973 loteteza zamoyo zimene zili pangozi yotheratu linapatsa boma lalikulu mphamvu yolowererapo, ndipo mimbulu inatetezedwa nalo kuyambira 1974. Mu 2011 aphungu a nyumba ya malamulo anachotsa chitetezocho ku Montana ndi ku Idaho polowetsa ndime ina m'lamulo la bajeti, moti kuyambira pamenepo zigawozo ndizo zimaika chiwerengero cha mimbulu yoti iphedwe.

A Chisale:
Ine mtima wanga uli kwa oweta ng'ombe ndi nkhosa, pakuti kale anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo iwowa ndiwo akulandira nkhonyazo. Taonani zimene zinachitika ku Colorado mu 2020: anthu anavota kuti mimbulu ibwezeretsedwe, ndipo mbali yovomereza inapambana pang'ono chabe chifukwa cha mavoti a m'mizinda ngati Denver ndi Boulder, pamene mimbulu 10 yoyambirira, yochokera ku Oregon, anakaimasula mu Disembala 2023 kumadzulo kwa mapiri, kumene ambiri anakana. Chipukutamisozi chilipo, inde, koma woweta ayenera kupereka umboni wakuti ndi mmbuludi umene wagwira thole lake, chinthu chovuta pamene ziweto zimadya kutali m'mapiri.

Mphunzitsi wopuma:
Bambo Chisale, sindikutsutsa za ululu wa woweta, koma palinso gulu lina limene mawu ake samveka. Ndalama zambiri zoyendetsera nthambi za nyama zakutchire m'zigawo zimachokera ku ziphaso za alenje ndi ku msonkho wa mfuti ndi zipolopolo umene lamulo la Pittman-Robertson la 1937 linaupereka ku ntchitoyi, choncho nthambizo zimatchera khutu kwa alenje kuposa kwa munthu amene amangofuna kuuona mmbulu uli wamoyo. Ku Wisconsin mu Febuluwale 2021, alenje anapatsidwa malire a mimbulu 119, koma anapha 218 m'masiku osakwana atatu. Mitundu ya anthu a Ojibwe, eni nthaka akale a kumeneko, imene imauona mmbulu ngati m'bale, inali ndi gawo lakelake la mimbulu yoti iphe ndipo inasankha kusapha ndi umodzi womwe, koma gawolo linathera m'manja mwa ena.

Nangozo:
Zikomo nonse. Nkhani ya a Ojibwe yandikhudza kwambiri, chifukwa ikusonyeza kuti munthu akhoza kupatsidwa gawo la kupha, koma gawo la kusunga palibe amene anamutsimikizira.